Chipewa cha Bambo pa Thabwa

Msomali uja ndimaukumbukirabe. Unali pa khoma pafupi ndi chitseko, wadzimbiri, wopindika pang'ono kumutu. Kunja kunkagwa mvula. Ndinavula jekete n'kuikoleka. Inagwa pansi. Ndinaitola, n'kuikolekanso. Inagwanso. Kuseri kwanga munthu anaseka mpaka kutsokomola. Ndinagwira ndi chala. Panalibe msomali. Inali penti chabe pa khoma losalala.

Woseka uja anali mzungu wokalamba amene mayi ankamusamalira kunyumba kwake ku South Bend, ku Amereka. Ife tinkangoti madala. Miyendo inali itawakana, ankayenda pa mpando wa matayala. Manja okha ndiwo anali adakali ndi mphamvu. Ntchito yawo kuyambira unyamata inali imeneyo: kujambula zinthu ndi penti mpaka diso la munthu linamizidwe.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atamwalira ku Ntcheu. Mayi anali atapeza kale malo a sukulu ya unamwino ku Amereka, ndipo tinanyamuka anthu adakali ndi misozi. Sukulu zitatsekera nyengo yotentha, mayi analibe kondisiya. Ankanditenga pa basi kupita nane kuntchito.

Ndinkayenda ndi chipewa cha bambo m'malaya. Chinali cha nsalu yokhuthala, chotuwa, cha mlomo kutsogolo. Thukuta linali litasiya mzere woyera m'mbali mwake. Mlomowo unang'ambikapo, bambo n'kusoka okha ndi ulusi wabuluu wosagwirizana ndi nsalu. Chinkanunkha bambo: utsi, sopo wochapira, mafuta a njinga. Ndinachitola tsiku la maliro, palibe anandiletsa. Ndinkagona nacho.

Kwathu zovala za womwalira sizitengedwa chonchi. Abale amasonkhana, kuziyala zonse pa mphasa, n'kugawana. Zikatero ndi pomwe amasudzula mkazi wamasiye, kumumasula kuti akhale munthu payekha. Azakhali anga atayala zovala anapeza chipewa palibe. Bambo sankatuluka m'nyumba opanda chipewa chimenecho, mudzi wonse unkadziwa. Azakhali anati mwambo sungachitike, mlamu wathawa ndi katundu wa mchimwene wawo. Choncho mayi anakhalabe m'zakuda, kusukulu ndi kuntchito komwe.

Bambo aang'ono, mng'ono wa bambo, ankakhala ku Lawrence, ku Indianapolis. Anali ndi ulendo wa kumudzi sukulu zisanatsegulire. Lamlungu lililonse ankaimba foni.

"Alamu, ine ndabukitsa kale tikiti. Chipewa chija mwapakira?"

Mayi ankangoti mwana sanakonzeke. Ine ndinkamvetsera pakhomo, dzanja pa chipewa. Mawu oti kusudzula ndinkawamva ndithu. Ndinkayesa ndi nkhani ya akuluakulu, yosandikhudza.

Nyumba ya madala inali yodzaza ndi bodza lokongola. Makiyi olendewera pa chingwe. Sizasi. Kandulo yotsala theka. Ntchentche pa chimango cha chitseko, imene mayi anaimenyapo ndi nsanza tsiku lawo loyamba. Masiku oyamba ndinkagwira chilichonse ndisanachikhulupirire, ngakhale kapu imene andipatsa yomwera madzi. Madala ankakondwa nazo. Ankati munthu akatambasula dzanja, ndiye kuti iwo agwira ntchito.

Chingelezi changa chinali chochepa, ndiye mayi ankamasulira akupinda zovala. Madala ankatsegula mabuku aakulu n'kundionetsa ntchito za anzawo akale, anthu omwe anafa iwo asanabadwe. Zitseko zamatabwa zong'aluka, pamenepo palendewera mfuti, lipenga, nsapato ya hatchi, bakha wophedwa kuuzimba. Ankati zithunzi zambiri zotere zinkapachikidwa m'malo omwera mowa, anthu n'kumabetcherana ngati zili zenizeni. Akatswiri ena ankawanyoza kuti ndi amatsenga chabe, osati aluso. Apa madala ankagwedeza mutu. Ankati anzawo akale aja anayang'ana chinthu chimodzi kwa miyezi, pamene ena sanayang'anepo ngakhale nkhope ya mkazi wawo.

Malamulo ake anali ochepa. Chinthu chijambulidwe kukula kwake kwenikweni. Chikhale chosatalikira khoma. Kuwala kuchokere mbali imodzi. Bulashi isasiye mapazi. Ndipo chachikulu ndi mthunzi. "Diso silikhulupirira chinthu," ankatero. "Limakhulupirira mthunzi wake."

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Nditabwerera kuno kwathu ndinalekezera sitandade 8. Lero ndimapenta nyumba ndi zikwangwani za magolosale. Koma zimenezi ndinazigwira, ndipo sindinapeze mphunzitsi wina wondiuza zoona ngati zimenezo.

Tsiku lina mayi ndi madala analankhulana nthawi yaitali m'khitchini. Kenako madala anandiitana n'kupempha kuona chipewa. Ndinakana. Anadikira. Ndinachitulutsa koma osachisiya. Iwo sanachigwire. Anavala magalasi, n'kuyang'ana ulusi wabuluu uja nthawi yaitali. Anati aliyense amene anasoka apa anali wamakani. Mayi anaseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chichokereni ku Ntcheu.

Madala anati akufuna kuchijambula pa thabwa. Koma panali lamulo: chipewa chikakolekedwa pa msomali, sichisunthidwa mpaka ntchito ithe. Chikasuntha pang'ono, makwinya asintha, mthunzi usintha, zonse zawonongeka. Ndipo penti ya mafuta siifulumizitsidwa. Umapaka pang'ono, n'kudikira iume, n'kupakanso pamwamba.

Ndinavomera chifukwa ndinali ndi nzeru yanga. Ndinaganiza kuti ndazindikira chimene mayi akukonza: thabwa lipite ku Ntcheu, azakhali anamizidwe, chipewa chitsale ndi ine. Sindinafunse munthu. Ndinkaona ngati n'zoonekeratu.

Mayi anakhoma msomali weniweni pa chidutswa cha chitseko chakale, pafupi ndi windo. Ndinakoleka ndekha. Madzulo titakwera basi ndinkangogwira pamimba pamene chinkakhala. Masiku oyamba tulo sitinkabwera. Mayi sanandinyengerere. Ankangoti mawa tikachipeza pomwepo. Ndipo tinkachipeza.

Madala ankagwira ntchito m'mawa mokha, kuwala kusanasinthe. Ine ntchito yanga inali kutsuka mabulashi mu thina, mankhwala osungunulira penti, ndi kuwakankhira mpando pafupi kapena patali. Poyamba pa thabwa panali chinthu chabulauni ngati chiphala cha matope. Ndinakhumudwa. Kenako mlomo unatuluka. Kenako mzere wa thukuta. Ulusi wabuluu anaujambula ndi bulashi yopyapyala ngati nsidze, atagwira mpweya, dzanja lamanja litatsamira pa ndodo kuti lisanjenjemere. Pena ankandifunsa kuti bambo ankachivala bwanji. Ndinkaonetsa ndi manja, chopendekera kumanzere. Ndi mmene ndinayambira kulankhula za bambo, m'Chingelezi chothyokathyoka, kwa munthu amene sanawaonepo.

Masabata anapita. Ndinayamba kugona bwino osazindikira. Loweruka lina ndinasewera mpira ndi ana a m'nyumba yoyandikana nafe mpaka madzulo, chipewa osachikumbuka.

Ntchito inatha ulendo wa bambo aang'ono utayandikira. Madala anaimika thabwa lawo pafupi ndi chitseko chija, n'kundiuza nditseke maso, mayi andizungulitse. Nditatsegula ndinaima kaye. Sindinadziwe kolozera dzanja.

Tinapita ku Indianapolis pa galimoto ya mayi wina wa kutchalitchi. Msewu wautali, chimanga mbali zonse ziwiri, chobiriwira, chopanda munthu m'munda. Thabwa ndinalifungatira m'bulangete. Chipewa chinali m'malaya.

Kwa bambo aang'ono kunali anthu a kwathu angapo, atabwera ndi timaphukusi totumiza kumudzi. Ana a pakhomopo ndinawapatsa moni m'Chichewa, anandiyankha m'Chingelezi. Titatha kudya bambo aang'ono anafunsa za chipewa. Mayi anayang'ana ine. Ndinanyamuka, n'kukaimika thabwa pa khoma pafupi ndi windo, kuwala kuchokere kumanzere monga anandiphunzitsira. Ndinachotsa bulangete.

Bambo aang'ono anati tabwera nacho ndi chitseko chomwe, anthu n'kuseka. Anatambasula dzanja. Zala zinagunda thabwa. Anabweza dzanja ngati apsa. Anthu anaseka kwambiri, mayi wina mpaka anakagwira yekha, n'kunena kuti azungu ndi afiti. Koma bambo aang'ono sanaseke. Anagwada. Anayang'ana ulusi uja. Anati tsiku limene achimwene ankasoka pamenepa iwo analipo, anawauza kuti apatse telala, achimwene n'kukana.

Ndinawauza kuti atenge thabwa limeneli, azakhali sakazindikira.

Palibe anaseka. Bambo aang'ono anandiyang'ana, maso ofiira.

"Mwanawe, thabwa akavala ndani? Chovala cha munthu chimafuna mutu wa mbale wake."

Ndinatembenukira kwa mayi kuti andithandize. Anali atayang'ana m'manja mwawo. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti nzeru ija inali yanga ndekha.

Ndinatuluka panja, kuseri kwa magalimoto. Kunkatentha, phula likununkha. Ndinatulutsa chipewa n'kuikamo nkhope monga ndinkachitira kale. Ndinamva thina. Ndinamva penti ndi fumbi la nyumba ya madala. Ndinanunkhizanso, mkati, m'mbali, pa mzere wa thukuta. Bambo munalibemo. Anali atachoka masabata aja chili pa msomali, ine ndikusewera mpira.

Ndinakhala pamenepo kanthawi. Palibe ananditsatira. Kenako ndinalowa, n'kugwada, n'kupereka ndi manja awiri. Bambo aang'ono analandiranso ndi manja awiri. Anati akauza azakhali kuti mwana wa achimwene anachisunga bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti chinagwera iwo omwe, ndipo ankachivala akamadiraiva kupita kuntchito.

Thabwa ndinabwerera nalo. Lili m'nyumba mwanga mpaka lero, ndipo alendo amaligwirabe. Madala anasamutsidwira kunyumba ya okalamba chisanu chisanayambe. Sindinawathokoze mokwanira. Ndinangowagwira dzanja, iwo n'kundiuza ndizitsuka mabulashi ndisanadye. Ndimatero.

Masamba a mitengo atayamba kufiira, foni inabwera kuchokera ku Ntcheu. Mayi analankhula nthawi yaitali ataimirira, akungoti zikomo, zikomo. Mwambo unali utachitika. Lamlungu lotsatira anatuluka m'chipinda atavala diresi yachikasu, ndolo m'makutu, akuimba pansipansi. Anandifunsa ngati akuoneka bwino.

Ndinakwiya tsiku lonse. Kutchalitchi ndinakhala benchi lina. Ndinkaona ngati ine ndapereka bambo, iwo n'kusangalala.

Sindinkadziwa kuti mayi anali mtsikana, wamng'ono kuposa mmene ndilili ine lero. Sindinkadziwa kuti abale a mwamuna wake ankamutchula wakuba, iye akusambitsa okalamba a eni ake m'dziko lachilendo, atavala zakuda m'dzuwa lotentha lija. Chipewa chinkagona pa pilo wanga, chitseko chosakhoma. Akanatha kuchitenga tsiku lililonse, n'kuchiika mu envulopu, nkhani n'kutha. Ine ndikanalira sabata imodzi. Iwo anasankha kudikira mpaka dzanja langa litseguke lokha, ndipo ine ndinawalipira ndi kukhala benchi lina.