Anandimanga Chifukwa cha Florensi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri. Ndinali kuyala zitenje pabenchi yanga mumsika wa pa Boma pamene wapolisi anaima patsogolo panga.

"Mwawuka uli, mama? Tiyeni, abwana akukufunani."

Sanandilole ngakhale kulongedza katundu.

Mlandu wanga unayambira pamsonkhano wa ogulitsa nsalu, Loweruka la sabata yapitayo. Wapampando wathu analengeza kuti chisankho sichichitikanso, komiti adzasankha yekha. Ine ndisanayambe geni ndinkaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, choncho atandipatsa mpata ndinasimba za Florensi, mzinda wa ku Italiya. Ndinati kumenekonso kunali ogulitsa nsalu ngati ife, ndipo ankadzilamulira okha popanda mfumu. Mayina a oyenera utsogoleri ankawaponya m'thumba lachikopa. Amene dzina lake latuluka ankalamulira miyezi iwiri, n'kubwerera kuntchito yake. Mzinda unatukuka. Kenako banja lina lolemera linayamba kusankha mayina olowa m'thumbamo, mpaka mwana wa m'banjamo anakhala wolamulira wa moyo wonse. Ndinathera pomwepo. Sindinatchule munthu.

Kupolisi, mkulu wina wa ndevu zaimvi anandifunsa ataimirira.

"Aitaliya anuwo munakumana nawo kuti? Kumalire?"

"Bwana, anthuwo anafa kalekale. Zili m'mabuku a ana asukulu."

"Ndiye mukubwereka akufa kuti mutukwane amoyo. Banja lolemeralo ndi la ndani?"

Ndinafotokozanso kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ngati m'kalasi. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa funso lomwe lija. Lachitatu anafunsanso, Lachinayi chimodzimodzi. Nditapempha kuti andiuze lamulo lomwe ndaphwanya, anati, "Amayi, sukulu munasiya. Kuno ofunsa ndife."

Za m'chitolokosi sindinena zambiri. Pansi panali simenti, pakona ndowa. Bulangete anati lili m'njira. Tinalimo ndi mayi wina wa ku Wenya amene sankadziwa bwino Chichewa, ndipo tinkafunda chitenje changa chimodzi. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuchokera Lachitatu limenelo.

Chimene chinkandidya mumtima sichinali chisanu ayi. Pamsonkhano paja panali anthu odzaza holo, onse anamva mawu anga, ena anaomba m'manja. Palibe amene anabwera kudzanena kuti sindinatukwane munthu.

Lachisanu masana anatsegula chitseko.

"Pitani. Koma mumsika muzigulitsa nsalu, osati nkhani."

Kukhoti sindinapite, ndipo mpaka lero sindidziwa dzina la mlandu wanga.

Ndinapeza benchi yanga atapatsa mlamu wake wa wapampando. Ine anandisunthira kumapeto, pafupi ndi dzala. Patapita masiku, mnzanga wina amene tinkapitira limodzi kukaoda katundu ku Tanzania anadza ngati wogula. Akupapasa chitenje ananong'ona kuti, "Asisi, nkhani ija mudzandimalizire kunyumba kwanga, titatseka chitseko."

Ndinamuuza kuti inathera pomwe paja, panalibe chotsala.

Amati ndine mfulu, ndipo n'zoona. Ndimagona kwanga, ndimakwera minibasi popanda wonditsata. Koma ndikangotsegula pakamwa pagulu, anzanga onse amaweramira nsalu zawo, n'kuyamba kupinda zopinda kale.