Achangu Anaphunzira Kuothera Dzuwa

Mumpingo mwathu tinkangowatchula kuti Achangu, chifukwa palibe anawaonapo atakhala pansi. Anali oyamba kubadwa mwa ana asanu ndi awiri, ndipo mayi awo atamwalira anasiya sukulu kuti alere azing'ono awo. Atakula analowa ntchito yochapa zovala za odwala, m'chipinda chopanda zenera kuseri kwa chipatala. Zaka makumi atatu ankalowamo kukadali mbuu, n'kutuluka dzuwa litalowa. Loweruka ankasita nsalu za paguwa. Akapeza munthu akuothera dzuwa ankamufunsa, "Kodi mwadwala?"

Atakalamba anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni itatha anawagoneka kuwodi kumene okalamba amaphunzira kuyendanso. Pemphero lawo linali limodzi: akalowenso m'tchalitchi ndi miyendo yawo, osati pachikuku.

Koma fupalo silinkagwirana. Namwino anawafotokozera: "Amayi, vitamini D wachepa m'thupi mwanu. Khungu limamupanga likamawombedwa ndi dzuwa, ndipo akasowa mafupa amafooka. Muzimwa mapiritsi awa, komanso m'mawa uliwonse muzikhala panja."

"Kungokhala? Ngati buluzi?"

"Ngati buluzi, amayi."

Tsiku loyamba mphindi zisanu zinawakwana. Ankatembenukira uku ndi uku, zala zikupinda mpango n'kuufunyululanso. Kenako anaona mazenera a wodi, makatani onse ali otseka.

"Nanga anzangawa mafupa awo ali bwanji?"

"Ambiri n'chimodzimodzi," anatero namwino, "koma amakana kutuluka."

Basi, Achangu anapeza ntchito. Mapemphero a m'mawa anawasamutsira pabwalo, ndipo sankayamba mpaka aliyense atatulutsidwa. Wovuta anali mayi wa bedi loyandikana ndi lawo, mphunzitsi wopuma amene anali atatembenukira kukhoma, wataya mtima.

"Aphunzitsi, Mulungu wapachika mankhwala kumwambaku, inu mwafunda bulangeti. Dzukani!"

"Mundisiye, ine zanga zinatha."

"Zikatha mudzamva kwa Mwiniwake, osati kwa inu."

Kunena zoona anamwino anatopa nawo Achangu, ndipo aphunzitsiwo anatuluka kuti makutu apume. Koma miyezi itapita anayamba kuima atagwira zitsulo zophunzirira kuyenda, kenako kuponya phazi.

Achangu okha sanaime. Kwa iwo thandizo linachedwa, ndipo zinawapweteka kwambiri. Tsiku lina namwino anawapeza akulira, iwo n'kupukuta misozi msanga. "Musandiyang'ane ine, katengeni agogo a pakona aja, dzuwa likupita."

Achangu anamwalira Lachiwiri m'mawa pabwalo lomwelo, mapemphero ali mkati, nkhope atalozetsa kudzuwa. Namwino anazindikira poona kuti zala zaleka kuyenda pa mikanda ya kolona.

M'tchalitchi analowa atanyamulidwa. Pambuyo pa bokosi panali okalamba asanu a kuwodi kuja, aphunzitsi ali patsogolo, ndodo zikugogoda pasimenti, aliyense akuyenda ndi miyendo yake.