Dontho la Inki M'beseni

Pamsewu wathu timangowatchula kuti Achoko, chifukwa kuyambira ali mtsikana siketi yawo sinasowepo fumbi la choko. Mayi awo ankadandaula kuti mwanayu akulemba masamu ndi pachitseko cha bafa pomwe.

Kuyunivesite Achoko anatha zaka zisanu akufufuza mmene dontho la inki limafalikira m'madzi. Achimwene awo, okonza njinga zamoto, ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achemwali, sukulu yonseyi kuti mudziwe zoti inki imadetsa madzi? Bwenzi mutangondifunsa ine."

Kenako kampani ina yosunga ndalama za penshoni inawalemba ntchito, poti mitengo ya masheya akuti imayenda ngati inki yomweyo, yosadziwika kolowera. Mwezi wachitatu Achoko anakana kusaina pepala la abwana awo. Pepalalo linkati ndalama zonse za okalamba ziikidwe malo amodzi, pakuti chaka chatha malowo anapindula.

"Lachisanu mukafotokoze pamaso pa akuluakulu," anatero abwana. "Akapanda kumva, mutenge kachikwama kanu."

Vuto linali lakuti Achoko akayamba kulongosola masamu, ngakhale wotchi yapakhoma imasinza. Eni akenso ankadziwa. Ndiye Lachisanulo analowa m'chipinda cha msonkhano atanyamula beseni lochapira la mayi awo, lija long'aluka m'mphepete. Pansi pake anali atajambuliratu mzere wozungulira ndi penti. Analiika patebulo lonyezimira, kuthiramo madzi, n'kudontheza inki pakati.

"Bwana, talozani mbali imene inkiyi ilowere."

Abwana analoza kumanja. Inki inayamba ulendo wa kumanzere, osatsanzika n'komwe.

"Musadandaule, nanenso sindikanaloza," anatero Achoko. "Chomwe ndikudziwa n'chakuti pakatha mphindi ziwiri ikhala isanadumphe mzerewu."

Anthu a mataye anaunjikana pabeseni ngati muli nsomba. Mphindi zitakwana, inki inali itangotsala pang'ono kukhudza mzere.

"Abwana akufuna ndalama ziikidwe pomwe analoza chala. Ine ndikuti tizimwaze m'bwalo lonseli."

Wapampando, bambo wa imvi amene penshoni yake inali pafupi, anavula magalasi.

"Pepala lija ling'ambeni. Mayi, khalani pansi, mutiuze bwino."

Lero Achoko ndiwo mkulu wa ofesi yonse, ndipo achimwene aja amauza makasitomala kuti nzeru ya beseni inali yawo. Besenilo lili pashelefu kuntchito. Mayi awo anaguliridwa mabeseni atsopano atatu, koma mpaka pano akufunsabe lawo lija.