Chipsera cha Alamu

Anthu amawatchula kuti a Chipeso, ngakhale kumutu kwawo kuli dazi loti ntchentche ikaterapo imaterereka. Anayamba kumeta anthu ali mnyamata, ndipo sanachokepo m'kachipinda kawo ka pakati pa wokonza mafoni ndi telala. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi lothimbirira m'makona, ndi benchi ya odikira yomwe mwendo wake wina anauchirikiza ndi njerwa. Mitu ya m'deralo amaidziwa kuposa eni ake.

Mutu umene ankaudziwa koposa unali wa alamu awo, kalipentala amene anakwatira mlongo wawo. A Chipeso ndi a kutchalitchi, alamuwo ndi a kumzikiti, nkhani yomwe inavutapo pa ukwati pokha kenako n'kuzilala. Denga la mometeramo anakhoma ndi alamuwo, ndipo tsiku lokhomalo lata linawatema kuseri kwa khutu lamanzere. Pachipserapo sipanamerenso tsitsi. Pometa, a Chipeso ankasiya tsitsi la pamwamba pake lotalikirapo n'kulipesera pansi, osanena kanthu. Mlongo uja atamwalira, chibale chonse chinatsalira pampando umenewo. Loweruka likakwana alamu ankatulukira, tsitsi lakula kapena silinakule.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wa mbiri yakale wa pa intaneti. A Chipeso sanapite patali ndi sukulu, ndipo njala ya zinthu zakale inawakhalira moyo wonse. Mphunzitsiyo ankayankhula mokoma, mapu akusinthasintha kumbuyo kwake, moti a Chipeso wailesi anaikankhira pashelefu n'kulumikiza foni ku sipika. Makina ometera akulira, iye akufotokoza za maufumu ndi nkhondo, makasitomala ali chete ngati m'kalasi.

Koma mphunzitsiyo anali ndi sikelo ziwiri. Akafika pa nkhondo zimene anamenya anthu a tchalitchi, mawu ankafewa. "Tisaiwale kuti nthawi imeneyo dziko lonse linali lankhanza," ankatero, n'kudutsapo msangamsanga ngati waponda moto. Akafika pa za anthu a mzikiti ankakhazikika, n'kumawerenga mitembo umodziumodzi, nyimbo yoopsa ikulira chapansipansi, kenako n'kumaliza kuti, "Chinawatuma ndi chipembedzo chawo." A Chipeso sankamva kusiyana kulikonse. Sikelo ikamabera mnzako n'kumakuwonjezera iwe, umati ndi yolungama.

Loweruka lina alamu ali pampando, nsalu ili pakhosi, vidiyo inafika pamalo oterowo. Dalaivala wina amene anali pabenchi anayang'ana chipewa cha alamu chomwe chinali pamsomali, n'kumwetulira.

"Alamu, tazimitsani kaye zimenezo," anatero kalipentala uja motsitsa mawu. "Munthuyu akusankha zonena. Zoipa zathu akuziwerenga zonse, zanu akungozidumpha."

"Aa, alamu, mbiri sinama," anayankha a Chipeso. "Uyutu ndi wophunzira. Kapena yakulasani penapake?"

Benchi yonse inaseka. A Chipeso anaseka nawo, koma m'galasi anaona nkhope ya alamu awo itauma. Anamaliza kumeta, anapesera tsitsi pachipsera monga mwa masiku onse, alamu anavala chipewa n'kutsanzika mwaulemu. Loweruka lotsatira sanabwere. Linzakenso sanabwere.

Kudikirako n'kumene kunawatsegula makutu. Anabwereza mavidiyo aja akumvetsera ngati mmene akanamvera alamu awo, ndipo kukondera kunali poyera, kosafuna sukulu. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima. Ndi chala chozolowera lumo osati zilembo, analemba funso pansi pa vidiyo ina: "Aphunzitsi, bwanji a mzikiti akapha mumati ndi chipembedzo, koma athu akapha mumati inali nthawi yake?" Mphunzitsiyo anayankha kuti iye amangonena zimene zinachitika. Omutsatira anawasambwadza a Chipeso, wina mpaka kuwatcha wogulitsa mpingo, ndipo pofika mawa lake funso lija linali litafufutidwa. Mphunzitsiyo sanataye kalikonse. Omutsatira akuchulukirachulukira, ndipo masiku ano iye amagulitsa ndi makapu okhala ndi nkhope yake.

Kwa alamu sikunali kutali, kongoyenda pansi. Kukapepesa n'kumene kunali kutali. A Chipeso ankangoti mawa, mawa, akudzitonthoza kuti tsitsi silileka kukula, mutu ukasanduka tchire abwera okha.

Anakumana pamaliro a telala uja, amuna atakhala panja pamabenchi. Alamu anawapatsa moni wa manja awiri, anafunsa za ana ndi za kuntchito, mwaulemu wonse ngati munthu wongodziwana naye pamsewu. Kunja kunkatentha, ndipo alamuwo atavula chipewa kuti apukute thukuta, a Chipeso anaona. Mutu unali wometedwa kumene, mizere yowongoka, dzanja la munthu wodziwa ntchito yake. Koma kuseri kwa khutu lamanzere makina anangodutsa osaima, ndipo chipsera cha lata la denga lawo chinali pambalambanda, aliyense akuchiona.

Zimene a Chipeso anakonza kunena masabata onsewo zinathawa, n'kutsala za ntchito zokha.

"Akumetani bwino, alamu."

"Eya," anatero alamuwo akubwezera chipewa kumutu. "Amameta ali chete."