Telala wa m'udzu wa kudambo

Amene analipo Lachiwiri lija ndi awa: ine mwini munda, mkazi wanga Nabanda, mwana wanga Yohane, ndi a Makwinja, tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe kuno ku Chulu. Ndawatchula kuti wina asadzati mdala uja amanama.

Yohane wapeza kuponi ya feteleza chaka chino, ndiye mutu wakula. Anabwera ndi machesi kuti atenthe udzu wa m'mphepete mwa dambo, awonjezere mizere ya chimanga.

Ndinakuwa mpaka agalu a kutsidya anayankha: "Iwe! Pamenepo ayi!"

Udzu umenewo ndi umene ndimafolera chigafa cha fodya. Chaka ndi chaka ndimamweta wouma wa kumtunda, wauwisi wa kumunsi ndimausiya kuti ubereke. Ndipo mmenemo muli eni ake.

Ndinathyola tsamba la udzuwo lopindika ngati ndudu n'kulifunyulula. M'kati munali kambozi kobiriwira, kamutu kakakulu. Tsambalo kanalisoka kokha ndi ulusi wake kuti mbalame zisakaone.

"Ntchemberezandonda imeneyo, achikulire, ipopereni mankhwala," anatero a Makwinja.

Ntchemberezandonda inayamba liti kusoka nyumba? Kameneka n'katelala. Kamagona m'tsambamo mpaka kusanduka kagulugufe kofiirira ngati fodya wouma bwino, kathupi konenepa, kamaso aakulu. Sikauluka monyang'wa ngati agulugufe a mawanga aja. Kamangoti psiti apa, psiti apo, ukaphethira kapita. Kakatera padzuwa kamayasamula mapiko pang'ono chabe. Ine ndakalamba nako, ndipo fodya wanga sikanamulaweko.

Abale anga a kuno ku Kasungu, chibwerere makuponi talima mpaka m'madzi. Dambo tatentha, mtsinje waphwa, kenaka tikuyenda mtunda wonse panjinga kufuna udzu wofolera. Thumba la feteleza limafolera chigafa? Mvula ya Febuluwale ikalowa m'fodya, kuponiyo mudzaiyala padenga?

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Njala ndimaidziwa, musandiphunzitse. Koma ndinakhala pachulu pomwepo, ndodo m'manja, n'kunena kuti wofuna kuyatsa ayambe ndi ndevu zangazi. Nabanda anangoti, "Asiye bambo ako, sudzawatha."

Udzu ulipobe, ndipo ukhalapo ndikadali moyo.

Pobwerera kunyumba Yohane anandigwira mkono n'kundiikira bokosi la machesi lija m'manja. Anati, "Bambo, machesi ndi awa, sungani. Koma nkhokwe ikadzauma mu Januwale, mudzatiphikire telala wanuyo."