Mpweya Umene Achimwene Anaonjeza pa Chitakale

Achimwene anga anakulira pa njinga, n'kukalambiranso pa njinga pomwepo. Kuyambira ali mnyamata ankatuta chimanga kuchokera tsidya la ku Mozambique kukatula pa Limbuli, matumba osanjikiza pa kaliyala, iwo akukankha cham'mbali thukuta lili kamukamu. Ndiye pa nkhani ya matayala simukanawauza kanthu. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti tayala lizikhala louma gwa. Akapopa ankalidina ndi chala chachikulu, likangolowa pang'ono, pampu ili kale m'manja. Ankati tayala lofewa limaluma chubu, limalemeretsa katundu, ndiponso limaonetsa kuti mwini wake ndi waulesi. Pa njinga zinali zoona, sindingawanamizire.

Mavuto anayamba atagula galimoto. Inali yakale, yotuwa, ndipo chitseko china chakumbuyo chinkatsegulidwa ndi munthu wa panja. Koma kwa ife inali galimoto basi, yoyamba pa mtundu wathu wonse.

Nthawi imeneyo amayi ankakhala kwa ine ku Chonde, chimwalirireni bambo. Chiuno chinali chitawagwira moti njinga sakanakwera, ndipo minibasi anailumbirira tsiku limene kondakitala anawakhazika pakati pa madengu a tomato, n'kutsika akulephera kuwongoka. Akulu awo, amene ife timati amayi aakulu, ankakhala kupitirira Limbuli, kumalire kwenikweni, komwe nyumba ili ku Malawi koma munda uli ku Mozambique. Pa mimba yawo anatsala awiri okhawo, ndipo panali patapita zaka asanaonane. Foni sinkathandiza chifukwa amayi aakulu makutu anali atatseka. Amayi ankakuwa m'Chilomwe mpaka nkhuku kubalalika pabwalo, mbali inayo n'kumangomveka kuti, "Ndani?" Akadula foni ankakhala duu tsiku lonse, osafuna wowayankhula.

Tsiku limene achimwene anabwera kudzationetsa galimotoyo, amayi anatuluka ndi ndodo yawo, anaizungulira pang'onopang'ono, kenako anaisisita pamwamba. Sanafunse mtengo wake kapena kumene yachokera. Anangoti, "Iyi ndiye indifikitsa kwa akulu anga ndisanafe." Achimwene anaseka mpaka misozi, anati, "Amayi, nenani tsiku, ine ndine dalaivala wanu." Tinasankha Loweruka lina la mu Okutobala, n'kuimbira foni achemwali, mwana wa amayi aakulu amene ankawasamala, kuti atiyembekeze.

Achimwene anadzagona kwathu Lachisanu. Amuna anga anayendetsapo lole ya masamba a tiyi ku esiteti mpaka kupuma ntchito, ndiye galimoto ikaima pabwalo sangapirire osaiyang'ana miyendo. Anagogoda tayala limodzi ndi chibakera, anakwinya nkhope, analowa m'nyumba n'kukatenga geji yawo, kachitsulo koyezera mpweya kamene amakasunga m'kabati ngati mankhwala. Atayeza anaimba mluzu.

"Alamu, mukufuna kuuluka? Mpweya wonsewu ndi wa chiyani?"

"Alamu, inu munkayendetsa za azungu, zokupoperani ena. Iyi ndi yanga."

Amuna anga anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwaonetsa kapepala komata pamphuthu, kolembedwa manambala. Anati muyezo wa matayala a galimoto imeneyo ndi umenewo, ngakhale wa tsiku lonyamula katundu wambiri ulipo pomwepo, ndipo poyeza amayeza m'mawa tayala lisanatenthe. Anafotokozanso kuti tayala louma kwambiri limaponda msewu ndi pakati pokha, limaterera, ndipo likagunda dzenje lilibe pofewera. Achimwene ankamvetsera manja ali m'thumba, akumwetulira ngati munthu womvera nthabwala. Pomaliza analola kuti amuna anga achepetseko mpweyawo, koma ine ndinaona kuti alola chifukwa cha ulemu wa pakhomo pa eni ake. Tayala lililonse likamalira kuti psii, iwo ankayang'ana kumbali.

Loweruka amayi anadzuka tonse tili mtulo. Pomwe ine ndimatuluka n'kuti atasamba kale, atavala duku loyera, atakhala pakhonde ndodo ili pamiyendo. Katundu anali atamulongosola sabata yonse: thumba la mpunga, nandolo, shuga, sopo, tambala womanga miyendo, ndi chitenje chatsopano cha akulu awo chimene anakana kuchiika m'buti, anachifungata pamiyendo. Amuna anga anatsala pakhomo. Amayi tinawakhazika kutsogolo pa pilo, ine kumbuyo pamodzi ndi mpunga. Tinapemphera, tinanyamuka.

Kuchoka pa Chonde amayi ankayankhula osapumira. Ankaloza phiri, ankatchula midzi, ankatiuza mmene akulu awo anawaberekera kumbuyo powoloka mtsinje ali ana, pochokera tsidya lija. Ine sindinawamvepo akuseka choncho chimwalirireni bambo.

Pa Chitakale tinaima pomwetsera mafuta. Titathira, m'malo molowa mumsewu achimwene anakhotera pa paipi ya mpweya. Ndinadziwiratu.

"Achimwene, mukutani?"

"Taona mmene akhalira akumbuyowa. Mpunga uwu, iwenso si wopepuka ayi."

"Si dzulo lomweli alamu anu akuuzani? Galimoto si njinga, achimwene! Mwamva kuti tanyamula matumba a chimanga ife?"

"Iwe, ine ndinayamba kupopa matayala iwe ukuyamwa chala."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo ndinatsitsa galasi kuti ndiwauze bwinobwino. Koma amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. "Paulendo sakangana," anatero. "Usiye mlongo wako, galimoto ndi yake." Ndinakwezanso galasi lija. Achimwene anazungulira matayala onse anayi, akupopa, akugogoda ndi sipanala, khutu atatchera, mpaka lililonse litalira mmene iwo ankafunira. Geji ya pamalopo sanaiyang'ane n'komwe. Analowa akupukuta manja, anati, "Tsopano ndiye galimoto."

Tinadutsa pa boma dzuwa likuswa mtengo, phula likuchita kunyezimira. Galimoto inkadumpha pa kamwala kalikonse, mano kuchita kugundana, ndipo amayi anasiya nkhani zawo n'kugwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko. Titalowa m'minda ya tiyi, potsetsereka pena pokhota, panali dzenje m'mphepete mwa msewu. Kutsogolo kunkabwera lole, ndiye achimwene analibe kothawira. Ndinangomva kuti phuu! ngati mfuti, galimoto inakokera kumanzere, udzu unadzaza galasi, kenako tinapezeka tapendekeka m'ngalande, tambala akukuwa m'buti, mpunga uli pamiyendo panga.

Mulungu ndi wamkulu, palibe anathyoka. Ine ndinatupa pachipumi, achimwene anang'ambika mlomo. Amayi analibe bala ngakhale limodzi, koma titawatulutsa anangokumbatira chitenje chija pachifuwa, osachisiya. Anthu amene ankagwira ntchito m'munda wa tiyi anathamanga kudzatithandiza. Amayi ena anayala nsalu yawo pamthunzi wa bulugamu n'kukhazikapo mayi athu, azibambo anakankha galimoto mpaka kuibweza pamsewu. Tayala lakutsogolo linali litang'ambika m'mbali, kuchita kuyasama.

Achimwene anatsegula buti kuti atenge sipeya. Abale inu! Sipeyayo inali phwa, yopanda mpweya ngakhale wa m'kamwa. Munthu wopopa matayala anayi tsiku ndi tsiku, lachisanulo chigulireni galimoto anali asanaligwirepo. Ndinafuna kulankhula, koma nditaona nkhope yawo ndinangotembenuka. Ndinali ndisanawaonepo achimwene akuoneka aang'ono chotero.

Anakwera njinga yamoto atanyamula sipeyayo kubwerera ku boma kukapopetsa. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi amayi. Ndinawapatsa madzi, anakana. Maso anali pa ngalande paja.

Achimwene atabwerako anamanga tayala, analiza injini, galimoto inalira bwinobwino. Anabwera kudzagwada pamaso pa amayi.

"Amayi, tiyeni. Zatheka. Patsala pang'ono, Limbuli ndi apa."

"Ndibwezeni kwathu."

"Amayi, ndiyenda pang'onopang'ono, ngati wapansi."

"Mwana wanga, njira yakana. Njira ikakana sakakamira. Ukufuna akulu anga alandire mtembo?"

Apa ndiye ine ndi achimwene tinakhala mbali imodzi. Ndinawauza kuti si malodza ayi, ndi mpweya, mpweya basi, umene tonse tauona ukuthiridwa pa Chitakale. Ndinawakumbutsa kuti kumene tachokera ndi kutali kuposa kumene tikupita, kuti akulu awo akudikira, kuti tinapemphera tisananyamuke. Ngakhale amayi a nsalu aja anathandizira kupempha. Koma amayi anakana kwa mtu wa galu. Anati makolo awo ankabwerera ngakhale njoka ikangowadutsira kutsogolo, nanji galimoto yogwera m'dzenje. Anati tidzapita tsiku lina, njira ikadzayera. Achimwene anaimbira foni achemwali aja kuti asatidikire, ndipo tinatembenuza galimoto. Ulendo wonse wobwerera munalibe wotsegula pakamwa, kupatula tambala.

Zimandiwawa mpaka lero ndikaganiza kufupika kwa pamene tinabwererapo. Ndadutsapo kambirimbiri pa malo amenewo pa minibasi, ndipo nthawi zonse ndimadabwa kuti ukangopitirira pang'ono wayamba kale kuona mashopu a pa Limbuli.

Achimwene anasintha, zimenezo ndiwachitire umboni. Sabata yotsatira anabwera okha kwa amuna anga, opanda nthabwala, n'kupempha kuti awaphunzitse kuwerenga geji. Amuna anga anawaonetsa matayala otsalawo, mmene anadyekera pakati pokha m'mbali muli mwatsopano. Achimwene anagula geji yawoyawo, ndipo m'mawa uliwonse asanalize injini ankanjuta pa tayala lililonse, mpaka sipeya. Loweruka lililonse ankabwera ku Chonde, mafuta atathira, n'kunena kuti, "Amayi, lero ndiye tipite." Amayi ankati chiuno chavuta, mwina ankati kwatentha, mwina analota zoipa. Ine ndinkawakalipira, kenako n'kuwanyengerera, kenako kuwakalipiranso. Chitenje chija chinali pansi pa pilo wawo, chili chipindire. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti akangotseka maso amamva kuphulika kuja. Pamenepo ndinadziwa kuti zamalodza zinali chophimbira chabe, amayi ankaopa.

Kenako mvula inayamba. Msewu wafumbi wochoka pa Limbuli kupita kwa amayi aakulu unasanduka phala, ndipo amayi anapeza chifukwa chomveka. Anati mvula ikangotha tinyamuka, ndipo ulendo uno anachita kulumbira. Ine ndinawakhulupirira, ndipo ndikuganiza kuti nawonso ankadzikhulupirira.

Uthenga unafika mu Januwale, chimanga chikumasula. Amayi aakulu anangodwala masiku ochepa.

Tsiku limenelo amayi sanadikire wowapempha. Analowa okha m'galimoto, anakhala kutsogolo, ndipo pa ngalande paja sanayang'ane n'komwe. Galimoto inayenda mofewa njira yonse. M'matope muja anyamata a m'mudzi anatikankha mpaka tinafika pakhomo pa siwa. Amayi analowa ndi ndodo yawo, anakhala kumutu kwa akulu awo, anawafunditsa chitenje chija, n'kulira kulira kumene sindikufuna kukukumbukira.

Titabwera kumanda, anthu atayamba kumwazikana, tinakhala pakhonde ine, amayi ndi achemwali aja. Achimwene anali chapatali pang'ono, atakhala pa chitsa, mutu uli pansi. Amayi anafunsa mmene matenda anayendera, achemwali anafotokoza. Kenako achemwali analoza mtengo wa mango umene uli m'mphepete mwa njira yolowera pakhomopo.

Anati Loweruka lija amayi aakulu anawauza kuti awasambitse m'mamawa, awaveke zovala za kutchalitchi, awayalire mphasa pansi pa mtengowo kuti galimoto ikamabwera aione okha, poti kumva sangaimve. Foni ya achimwene itafika, achemwali anawakuwira kukhutu kuti alendo abwerera panjira, koma iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuyang'ana kumsewu. Chakudya anakana, anati adyera limodzi ndi mng'ono wawo. Anawalowetsa m'nyumba dzuwa litalowa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse ankafuna mphasa yawo pansi pa mango paja, mpaka mvula inawaletsa, n'kusamukira pakhonde pomwe tinakhalapo.

Ine ndinkafuna kuwatsina achemwali kuti asiye, koma mawu anali atatuluka kale. Amayi anayang'ana mtengowo nthawi yaitali.

"Anandikwiyira?" anafunsa.

"Ayi, amayi," anatero achemwali. "Tikamawalowetsa ankangoti, mwina sabata yamawa."