Bokosi Pamalo pa Mayi

Aneba athu kuno ku Nkaya ali ndi kanjinga kamoto ka matayala ang'onoang'ono, ndipo amakasamala kuposa mano awo. Pampando amamangirirapo pilo. Kutsogolo kumalendewera fulasiki ya tiyi, kumbuyo anamangako bokosi lathabwa losungiramo pampu, jekete ndi mkeka woswalirapo. Mawu awo ndi amodzi: "Ulendo wautali umayambira pokhalira."

Mwezi watha akazi awo ananyanyala n'kupita kwawo kwa Mposa. Bambowa anapakira zonse mwadongosolo, ulendo wokawatenga. Ankhoswe anawayanjanitsa bwinobwino, ndipo mayi anatuluka ndi chikwama chawo.

"Nanga ine ndikhala pati?" anafunsa mayiwo.

Bambo anazungulira kanjinga kaja. Pokhala munthu wachiwiri ndi pomwe panali bokosi, lomangidwa ndi mabawuti. Anayang'ana mayi, anayang'ana bokosi, n'kuyang'ananso mayi.

"Dikirani kaye, ndiganize."

"Iyayi, musafulumire bambo, ganizani bwino."

Mayi anamasula pilo uja, kulowa naye m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Aneba anabwerera okha pampando wouma. Mpaka lero amayenda motang'adza, akutifunsa: "Kodi mayi aja anakwiyira chiyani? Inetu ndinali ndisanasankhe."